Kapitawo wa Papepala wa ku Lulimile

Ku Lulimile, bairo kapena kuti dera lina la tauni ya Lichinga, kunalibe munthu wosamudziwa Venâncio, ngakhale kuti thupi loti munthu alidziwe linali lochepa. Anali wowonda ngati mpini wa khasu la mwana, wa khosi lalitali, ndipo jekete sankavula ngakhale mu Okutobala, ati mphepo ya ku Lichinga siwerenga miyezi. Agalu ankawaopa. Nkhukundembo ya kwa aneba ankaiopanso, mwakuti popita kuntchito ankazungulira njira ya kumanda pothawa kukumana nayo.

Nthawi ya Apwitikizi, tauni ikadali kutchedwa Vila Cabral, Venâncio ankagwira ntchito mu ofesi yojambula mapulani a misewu. Ntchito yake inali kusongola mapensulo a injiniya wachizungu, kutsuka zolembera ndi kupsinja ngodya za pepala kuti zisapindike. Koma dzanja anali nalo, apa tisamunamizire. Akajambula mlatho, munthu unkalakalaka kuwolokapo. Ufulu utabwera mu 1975, injiniya uja analongedza masutikesi mwaphuma nasiya makiyi patebulo. Venâncio anawatola, ndipo poti palibe anabwera kudzawaitanitsa, anasanduka shefi, ndiye kuti mkulu wa ofesi. Anali shefi wa chipinda chimodzi, tebulo lopendekeka, mipukutu ya mapepala yofika kudenga ndi mabotolo a inki wamitundumitundu, amene kumeneko amati tinta. Wantchito wapansi pake analibe, koma kulamula sanasiye. Ankakalipira ntchentche.

Kenaka nkhondo inakwera kuchokera kumwera. Misewu inaleka kumangidwa, inayamba kukumbidwa. Sitima ya ku Cuamba inkabwera ikafuna, ndipo nthawi zambiri sinkafuna. Mchere unasowa, sopo anasowa, anthu ankayamba aima pamzere ku loja, sitolo ya m'deralo, kenaka n'kumafunsa kuti kodi lero kwabwera chiyani. Venâncio ankapitabe ku ofesi m'mawa uliwonse, tayi pakhosi, kukayang'anira mapulani a milatho imene inali itagwa kale. Pakhomo pankadyedwa chifukwa cha mkazi wake Benedita, mwana wa ku Lione, amene ankalima nyemba ndi mbatatesi kuseri kwa nyumba. Benedita akasangalala ankamuitana kuti abambo. Akakwiya ankamuitana kuti a shefi.

Masewera amene anamupachika anabwera ndi mzungu wina wokumba zitsime, mmodzi mwa aja ankabwera kudzathandiza dziko latsopano. Mzunguyo anamuphunzitsa masewerawo Eugénia, mng'ono wake wa Benedita, amene anali mphunzitsi wa masamu. Misewu itaipiratu anabwerera kwawo pandege, nasiyira Eugénia kathumba ka madadu, timiyala tamanambala tija, kena kokhala ndi mbali makumi awiri. Masewerawo analibe maenje ngati bawo, analibenso makhadi. Munthu mmodzi ankafotokoza dziko longopeka, mapiri ake, mafumu ake ndi zilombo zake. Ena aliyense ankadzipangira munthu wake wa m'dzikomo n'kumanena chimene munthuyo akuchita. Ukati wadumpha mtsinje, unkaponya dadu. Likagwa pa nambala yaikulu wawoloka, likagwa pa yaing'ono wamira.

Lamlungu lililonse masana ankakhala pakhonde pa Venâncio. Eugénia ndiye ankafotokoza. Wosewera wina anali Momade wa ku Meponda, wogulitsa usipa wouma pamsika, munthu wathupi, woseka ndi mimba, amene anayamba kubwera chifukwa cha tiyi wa ndimu wa Benedita n'kukhazikika chifukwa cha nkhani. Momade anasankha kukhala wophika wa paulendo, wopanda lupanga, wonyamula mphika ndi kampeni kosendera anyezi.

"Che Momade, dziko lonseli musankhe kukhala wophika?" anafunsa Eugénia.

"Wophika samuika kutsogolo, aphunzitsi," anatero Momade.

Venâncio anadzipangira Kapitawo Chiphaliwali, mwamuna wamtali ngati paini, amene anabadwa mvula yamabingu ikugwa ndipo anayamwa mkaka wa mkango. Chiphaliwali sankagogoda, zitseko ankathyola. Sankafunsa njira. Ndipo sankafa, chifukwa mwini wake sankalola.

"Mwafika pamlatho," ankatero Eugénia. "Tsidya linalo kuli asilikali a mfumu ya mapanga, mikondo ili m'manja. Mutani, alamu?"

"Ndikuwathamangira ndekha!"

"Ponyani."

Dadu linagubuduka n'kuima pa nambala yochepetsetsa, imene pa Chipwitikizi amati um. Eugénia anasuzumira. "Um."

"Lagunda kapu. Likagunda kapu siliwerengedwa."

"Alamu, um ndi um. Mwaterereka pa ndowe, mwagwa chagada."

"Chiphaliwali saterereka! Wagona pansi dala kuti awasokoneze."

"Ine ndikubisala kuseri kwa mphika," ankatero Momade, misozi ya phwete ili mbwembwembwe. "Akadzuka akapitawo mundiuze."

Tsiku lina Eugénia anati aliyense ajambule munthu wake kuti azidziwana nkhope. Sanadziwe kuti watsegula khola. Venâncio anayamba ndi kapepala kochepa, kenaka anakatenga mpukutu wa ku ofesi ndi tinta wa boma. Mwezi ndi mwezi Chiphaliwali ankakula. Mapewa anatambasuka ngati chitseko cha tchalitchi, pachifuwa panamera mamendulo, mkondo unasanduka mfuti, ndipo pansi pa nsapato zake pankagona adani aang'ono ngati ziwala. Nkhope yokha ndiyo sinasinthe. Inali ya Venâncio, maso ake, makutu ake otambalala aja, kungoti anaiwonjezera chibwano chimene Mulungu anaiwala kumupatsa. Chithunzi chachikulu kwambiri anachipachika pabalaza. Cha ukwati wawo anachisamutsira kuseri kwa chitseko.

"A shefi," anatero Benedita, "mlendo wanuyu akhala mpaka liti? Nkhuni satola, madzi satunga."

"Iwe luso sulidziwa."

"Indedi. Ndimadziwa nyemba zokha. Mukazifuna mukapemphe kwa akapitawo."

Zikanathera pakhondepo, sibwenzi pali nkhani. Koma Lolemba lina, ali pamzere wa shuga ku loja, Venâncio anaona Momade kutsogolo ndipo anakuwa kuti aliyense amve:

"Achimwene! Dzulo pamlatho paja, pakanapanda ine bwenzi mutafa. Onse aja ndinawagwetsa ndekha!"

Mzere wonse unatembenuka. Masiku amenewo mawu oti mlatho sankanenedwa mwachibwana. Momade, poti anali munthu wokonda kusonkhezera moto, anagwedeza mutu mwaulemu.

"Zoona zimenezo. Ndinalipo. Ine ndinabisala."

Pofika madzulo nkhani inali itazungulira bairo yonse, ndipo inkanenepa pa khomo lililonse. Ena ankati kamunthu ka jekete kaja ndi msilikali wachinsinsi. Ena ankati anaphunzira nkhondo kunja, kuwondaku n'kwa mankhwala osalowa chipolopolo. Amayi ena anakumbukira kuti amazungulira njira ya kumanda, nati ndiko amakalankhula ndi amene anawapha. Venâncio anazimva zonsezi ndipo sanatsutse. Anangoyamba kuyenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo.

Nkhaniyo inafika kwa Bernardino, sekeretariyo wa bairo, bambo amene mimba yake yokha ndiyo sinamve kuti m'dziko muli njala. Bernardino anali ndi vuto. Lole ya bairo inkayenera kutsikira ku Meponda kukatenga usipa, ndipo amilisiya operekeza analibe mtsogoleri, chifukwa aliyense amene ankasankhidwa ankadwala msana. Anabwera yekha kunyumba kwa Venâncio, nalowa pabalaza, naima kutsogolo kwa chithunzi. Anayang'ana mfuti, anayang'ana mamendulo, anayang'ana makutu. Kenaka anavula chipewa.

"Kamarada Venâncio, n'chifukwa chiyani munatibisira?"

Apa panali poti munthu aseke n'kunena kuti ayi, awa ndi masewera a Lamlungu, funsani mlamu wanga. Mawuwo anafika mpaka pakhosi. Koma chibadwire palibe munthu wamkulu anali atamuvulirapo chipewa Venâncio. Injiniya uja ankamuitana ndi likhweru. Anayang'ana chipewa chili m'manja mwa sekeretariyo, ndipo mtima wake unasungunuka ngati mafuta padzuwa.

"Zinthu zina sitinena, kamarada," anatero motsitsa mawu.

Kukhitchini kunamveka chipande chikugwa.

Bernardino atapita, Benedita anatuluka akupukuta manja pa kapulana, chitenje chake. Sanaseke. "Abambo, thamangani mukawauze. Inu nkhuku simupha, mumaitana ine."

"Mutu ukakula sulewa nkhonya."

"Mutu wake uti? Wakula ndi wa pakhomawo."

Eugénia anati apita yekha kukafotokoza. Venâncio anamuletsa, nalumbira kuti akatero asadzapondenso pakhomo pake. Ulendo umodzi wokha, anatero, ndiponso msewu wa ku Meponda unali usanamvekepo zoipa.

Ananyamuka m'mawa nkhungu isanachoke m'mitengo ya paini. Anamupatsa mfuti yakale yolemera ngati mtsikana wotha msinkhu, namukweza pamwamba penipeni pa lole kuti aziona kutali. Lamba wa mfutiyo anadzikulunga naye kawiri poopa kuigwetsa. Pansi pake panakhala amilisiya, amayi a malonda, ndi Momade amene ankapita kwawo kukagula katundu. Bernardino anakhala kutsogolo ndi dalaivala, pofunda.

Atayamba kutsika mapiri, pamene msewu umakhotakhota ngati njoka yopsa, tayala lakumbuyo linaphulika. Phuu!

Venâncio sanaganize. Miyendo ndiyo inaganiza. Anadumpha kuchoka pamwamba pa lole, chinthu chimene Chiphaliwali akanafunika vinte, makumi awiri a padadu, kuti achichite, nagwera m'udzu, nadzuka, naliyatsa liwiro kutsetsereka phiri akukuwa. Mfuti inapita naye chifukwa lamba anakana kumasuka. Amilisiya ataona mtsogoleri wawo akuthamangira kutchire ndi mfuti, anadziwa kuti adani ali komweko. Anawombera. Anawombera udzu, miyala, mitengo ndi mitambo, mpaka zipolopolo zonse zinatha. Utsi utachoka anapeza kuti aphapo mbuzi ya munthu.

Dzuwa litapendeka Venâncio anatulukira pamsewu. Jekete inali nsanza, nkhope ili magazi okhaokha chifukwa cha minga, maso ali psuu, akudzikanda thupi lonse poti anagwera m'chitedze.

Bernardino anali atakhala pa mwala nthawi yonseyo akuganiza. Zipolopolo zatha, ndipo akuluakulu adzafunsa kuti zathera pa yani. Tayala si mdani. Mbuzi si mdani. Iye mwini anapezeka pansi pa lole, ndipo anamutulutsa pomukoka miyendo. Ataona Venâncio akubwera wamagazi, anaimirira natambasula manja.

"Makamarada! Mwaona ndi maso anu. Achifwamba anatitchera, ife tinawabweza, ndipo kamarada Venâncio anawapirikitsa yekha mpaka kuchigwa. Viva kamarada Venâncio!"

"Viva!" anayankha amilisiya, amene nawonso sankafuna kufunsidwa za zipolopolo.

Mbuzi inadyedwa ku Meponda. Momade anadya nawo osaulula za tayala. Lole inali imodzi, ndipo usipa suyenda wokha kukwera phiri. Anangomunong'oneza mnzake kuti, "Achimwene, lero mwaponya vinte. Koma musazolowere."

Ku Lulimile kunachitika msonkhano. Bernardino analankhula mpaka ana anagona pamiyendo ya amayi awo, ndipo adani ankachuluka chiganizo chilichonse. Potsiriza analamula kuti nkhondo ya pamsewu wa ku Meponda ijambulidwe pakhoma la loja kuti anthu aziphunzirapo kulimba mtima ali pamzere. Wojambula anali mmodzi m'bairo yonse. Venâncio anakwera makwerero ndi tinta wa misewu, ndipo kwa nthawi yoyamba Chiphaliwali anatuluka m'nyumba. Anali wamtali kuposa chitseko. Bernardino anapempha kuti naye aonekepo, ataimirira, akuloza kutsogolo, wopanda mimba.

Masiku amenewo Venâncio anakoma. Pamzere ankamupatsa malo kutsogolo. Anyamata ankamuchitira sawatcha. Anayamba kudutsa njira ya nkhukundembo, ngakhale ankayenda chakumbali kwenikweni. Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Bernardino analengeza kuti poti bairo yapeza mkango wake, ulendo uliwonse wa lole uziperekezedwa ndi kamarada Venâncio.

Apa ndi pamene munthu wowonda kale anaonetsa kuti angathe kuwondanso. Nkhani za misewu ina zinali zitayamba kufika, za malole otenthedwa ndi anthu osabwerera. Ulendo ukayandikira, ankayamba kufunafuna pothawira. Ananena kuti ali ndi chifuwa, Bernardino anamutumizira uchi. Ananena kuti ofesi ikumufuna, Bernardino anaseka. Anayesa kumuuza zoona, kuti tsiku lija linali tayala chabe.

"Tayala lanji?" anatero Bernardino, maso ali gwa. "Kamarada, pamsonkhano ndinanena kuti kunali achifwamba. Mukufuna kunena kuti sekeretariyo ananama? Ganizani bwino amene anathawa ndi mfuti ya boma."

Lamlungu lotsatira Venâncio anakhala patebulo ngati wofedwa. Eugénia anafotokoza za chinjoka cha m'phanga, ndipo iye anangoti Chiphaliwali alowe m'kamwa mwake wopanda chida.

"Alamu, mukudziwa kuti mufa?"

"Mupheni, Eugénia. Ndatopa naye."

Anaponya dadu. Linagwa pa vinte. Momade anaseka mpaka kutsamwa tiyi, ndipo Eugénia, poti lamulo ndi lamulo, anafotokoza mmene chinjoka chinatsamwidwira ndi kapitawo n'kufa. Kenaka anatola madadu ake nayang'ana mlamu wake mwachifundo pang'ono.

"Wa patebuloyu ndikhoza kumupha tsiku lililonse. Wa pakhoma la loja si wanga. Ndi wa a Bernardino."

Venâncio anayenda maulendo angapo popanda kanthu. Tsiku limene zinachitika, ankabwerera kuchokera kunyanja lole itadzaza matumba a usipa, ikukwera phiri mofooka moti munthu woyenda pansi akanaipitirira. Bernardino sanabwere ulendo umenewo, anali ndi msonkhano. Kulira kwa mfuti tsikulo sikunafanane ndi tayala ngakhale pang'ono. Kunali kouma, kofulumira, kochokera mbali zonse. Galasi lakutsogolo linasweka ndipo lole inaima. Amayi anakuwa. Venâncio anaona Momade, amene anakhala naye pafupi akusenda chinangwa, akuyang'ana bondo lake modabwa ngati si lake.

Nthawi ino miyendo inakana kuthamanga. Anakumba pakati pa matumba ngati mbewa, nalowa, nadzikwirira. Ali m'menemo anamva anthu akukwera, akutsitsa matumba a pamwamba pake, akutukwana. Anamva Momade akutchula dzina la Mulungu mobwerezabwereza. Mfuti inali pamimba pake. Sanaikhudze, ndipo mwina n'chifukwa chake iye ndi ena anakhala moyo, koma sichinali chifukwa chimene sanaikhudzire.

Achifwambawo anathawa ndi zimene akanatha kusenza atamva galimoto ya asilikali ikubwera kumbuyo. Dalaivala anali atafa. Asilikali potsitsa matumba otsala kuti agonekepo ovulala, anapeza nsapato, kenaka mwendo, kenaka mkango wa ku Lulimile, usipa uli m'tsitsi, m'makutu ndi m'matumba a jekete, buluku litanyowa. Amayi a malonda anaona. Palibe anaseka pamenepo, chifukwa panali mtembo. Anasunga kusekako mpaka kufika kumsika.

Sabata lisanathe dzina la Chiphaliwali linali litafa. Ana ankamuthamangira kumbuyo akuimba kuti Kapitawo Usipa. Bernardino anauza msonkhano kuti iye ankamukayikira kuyambira kale munthu ameneyu, ndipo kukhala tcheru n'kofunika. Laimu, amene anasowa zaka zambiri pamene aphunzitsi ankamupempha kuti apake sukulu, anapezeka tsiku lomwelo, ndipo khoma la loja linayera mbee. Venâncio sanamangidwe, chifukwa kumuzenga mlandu kukanadzutsa nkhani ya mbuzi. Anangomulanda mfuti, chinthu chokhacho chabwino chimene Bernardino anamuchitirapo.

Momade adokotala anamudula mwendo wamanja pamwamba pa bondo. Benedita ndi Eugénia ankapita kuchipatala ndi phala, kukathandiza Zainabo, mkazi wa Momade. Venâncio sanapite. Ankati fungo la mankhwala limamuzunguza mutu. Ankati apita mawa.

"A shefi," anatero Benedita tsiku lina, "mnzanu akufunsa ngati nanunso anakudulani miyendo."

Venâncio anatsitsa chithunzi cha pabalaza, koma kuching'amba sanathe. Anachikulunga bwinobwino nachiika pamwamba pa kabati, pomwe chinyontho sichifika.

Nkhondo inatha mu 1992. Ku ofesi kunabwera anyamata a sukulu ndi makina awo, ndipo anamupempha makiyi mwaulemu. Venâncio anayamba kulemba zikwangwani za ometa ndi ogulitsa mowa. Bernardino anasiya kunena kuti kamarada, anagula lole yakeyake, ndipo anthu anayamba kumutcha patarau, ndiye kuti bwana. Momade anabwerera pa benchi yake kumsika ndi ndodo ziwiri za m'khwapa. Venâncio ankagula ndiwo mbali ina ya msikawo.

Tsiku lina masana anamva ndodo zikugogoda pa masitepe a khonde. Kothawira kunalibe.

"Achimwene, odi. Poti phiri silibwera, wabwera ndi wopunduka."

Venâncio anatulutsa mpando, anaugwetsa, anautolanso. Anayamba kufotokoza za chifuwa chake ndi kuchuluka kwa ntchito.

"Zisiyeni," anatero Momade. "Mukanawombera tsiku lija mukanapha ine, ndimakudziwani. Ndabwera ndi ntchito. Mwana wanga Assia akukwatiwa, akupita kukakhala ku Nampula. Akuti sakumbukira bambo ake ali ndi miyendo iwiri, ndipo chithunzi ndilibe. Mundijambule nditaimirira. Osati wophika uja. Ine."

Venâncio anavomera msanga, pothokoza kuti mlandu wasanduka ntchito. Anati safunika n'kukhala pamenepo, nkhope ya mnzake akuidziwa. Patapita masiku anapita nacho chithunzi kunyumba kwa Momade. Zainabo anachitambasula pamkeka, nachiyang'ana nthawi yaitali.

"Miyendo ndi yabwino," anatero. "Mkanjo ndi wake, kofiya ndi wake. Koma bambo awa sindikuwadziwa. Kapena ndikuwadziwa. Makutuwa si anu, a Venâncio?"

Anali ake. Maso analinso ake. Zaka zonse zija, mipukutu yonse ija ya mapepala a boma, Venâncio anali asanajambulepo nkhope ya munthu wina. Ngakhale Bernardino wa pakhoma la loja anatuluka ndi makutu omwewo. Dzanja linkadziwa njira imodzi yokha, ngati bulu wa pachigayo.

"Mwana wanga akafika ku Nampula azikati bambo ake ndi Kapitawo Usipa?" anatero Momade. "Khalani pansi, achimwene. Mundiyang'ane. Siziluma."

Ndiye anakhala pansi namuyang'ana. Zinali zovuta kuposa msewu wa ku Meponda. Ankabwera masana aliwonse ndi pensulo, ndipo ankapeza zinthu zimene sanazionepo pa munthu amene anakhala naye patebulo zaka zambiri: chipsera cha mbedza pachibwano, diso lamanzere locheperapo, mmene milomo inkayambira kuseka mawu asanatuluke. Ankang'amba, n'kuyambanso. Zainabo ndiye anali woweruza, ndipo sankanyengerera. Eugénia anamva kuti amuna awiriwa akukhalanso pamodzi, anabwera ndi kathumba kake, ndipo ankasewera pang'ono dzanja likatopa. Venâncio anapatsidwa munthu watsopano, wonyamula katundu wa wophika. Anadandaula, koma anasewera.

Ukwati utatsala pang'ono, chithunzi chinatha. Zainabo atachiona anagwira pakamwa, nalowa m'nyumba. Assia analira. Anali Momade weniweni, ataima pamchenga ndi miyendo yake iwiri, akuoneka ngati wangomva nkhani yoseketsa. Venâncio anaona mmene anthu akuchiyang'anira, ndipo chifuwa chake chinayamba kutukuka. Anati chatsala kanthu kamodzi, apite nacho kunyumba akamalize.

Anachibweretsa tsiku la ukwati, alendo atadzaza pabwalo, chili m'felemu. Anali atasaina. Dzina lake lonse, ndi mawu akuti wojambula wamkulu wa chigawo, analilemba ndi tinta wofiira m'zilembo zazikulu ngati za chikwangwani cha ometa, kuyambira pangodya kukwera m'mwamba. Linaphimba mwendo wamanja kuchokera kuphazi mpaka pabondo.

Benedita anatseka maso. Momade anachiyang'ana, anayang'ana buluku lake lopindidwa ndi phini, kenaka mimba yake inayamba kugwedezeka.

"Assia, mwanangu, tenga upite nacho," anatero akupukuta misozi. "Akakakufunsa ukanene kuti mwendo wa bambo ako anaudula kawiri. Koyamba adokotala, kachiwiri a Venâncio."

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Venâncio anaseka nawo pang'ono, kenaka anatembenukira kwa mlendo wina wa ku Nampula amene anaima pafupi, nayamba kumufotokozera kuti tinta wofiira wotereyu masiku ano sapezeka.